Ndikayimbe chiyani ku Okemah, kwawo kwa Woody Guthrie?

Nachisale (Tulsa): Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru, makamaka kwa inu akuluakulu amene munayamba kale kugwira gitala. Mwezi wa July uno ndikupita ku Okemah, katauni kakang'ono ka kuno ku Oklahoma kumene Woody Guthrie anabadwira mu 1912. Kuyambira 1998, chaka chilichonse kumachitika chikondwerero cha nyimbo chomukumbukira, masiku oyandikana ndi 14 July, tsiku limene anabadwa. Oyimba odziwika amakhala ndi nsanja zawo, koma pamakhalanso open mic, pamene aliyense wolembetsa amapatsidwa mpata. Ine ndatsimikiza mtima kuti ndikalembetsa. Mnzanga amene amapitako kawirikawiri wandiuza kuti ndikonzekere nyimbo ziwiri kapena zitatu basi. Chikundisowetsa tulo ndi ichi: ndikayimbe nyimbo za mwiniwakeyo m'Chingerezi, kapena ndikayimbe yanga ya Chichewa imene palibe ndi mmodzi yemwe akamve mawu ake?

Mbewe wa Banjo (Ndirande): Achemwali, zikomo potinyaditsa. Koma tiyambe bwino, enafe dzinali tikulimva lero. Woody Guthrie ameneyu anali ndani kuti mpaka akhale ndi chikondwerero chakechake?

A Phiri Aphunzitsi (Zomba): A Mbewe, ndiloleni ndiyankhe ine, chifukwa nyimbo zake ndinazidziwira pa makaseti ndili mnyamata ndipo sizinandichoke. Ameneyu anali woyimba wa anthu osauka. Gitala imodzi, harmonica pakamwa, mawu owuma ngati a munthu wochokera kumunda. Zaka za m'ma 1930 dera lawo linagwidwa ndi chilala choopsa, nthaka inauma n'kusanduka fumbi, mphepo n'kumalinyamula mpaka kutseka dzuwa masana. Pa 14 April 1935 kunabwera chimphepo cha fumbi chachikulu kwambiri, iye ali ku Pampa, ku Texas, ndipo ena ankaganiza kuti dziko likutha. Mabanja ambirimbiri anasiya minda yawo n'kulowera ku California kukafuna maganyu othyola zipatso. Kumeneko ankawanyoza powatchula kuti ma Okie, ndipo mu 1936 apolisi a ku Los Angeles anafika pokaima m'malire a California kubweza amene analibe ndalama m'thumba. Guthrie anayenda nawo anthu amenewa, kugona nawo m'misasa, n'kumapeka nyimbo za zimene ankaona ndi maso ake. Anamwalira mu 1967.

Tsopano kwa inu Nachisale, mwana wanga. Maganizo anga ndi akuti mukayimbe zake. Munthu ukapita pa chikumbutso cha wina, umatchula dzina la malemuyo, sutchula la agogo ako. Anthu amene akakhale pamenepo ayenda mitunda italiitali chifukwa cha iyeyo. Sankhani nyimbo zake ziwiri, muziphunzire bwino, mukaziyimbe mwaulemu. Zanuzo zili ndi tsiku lake.

Nangondo (Leeds): Bambo Phiri, ndi ulemu wonse, ine ndikuona mosiyana. Nyimbo zake pa chikondwerero chimenecho zikayimbidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku ndi anthu amene anakula nazo. Nachisale akawonjezerapo chiyani? Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

A Phiri Aphunzitsi (Zomba): Kalumoko kakhale kakuthwa ndithu, mayi. Koma mlendo amayamba wapereka moni kwa eni mudzi asanatulutse za m'thumba mwake.

Jere (Johannesburg): Ine funso langa ndi lina, ndipo mundikhululukire ngati likuwawa. Tikuvutikiranji ndi kulemekeza woyimba wa ku America amene ali kale ndi nyumba yosungira zinthu zake, chikondwerero chake, chiboliboli chake? Allan Namoko anali wosaona, ankaliza banjo ndi Chimvu River Jazz Band, nyimbo zake zinkamveka pa MBC dziko lonse, anamwalira mu 1995. Tingapite kuti lero kukaona banjo yake? Daniel Kachamba anamwalira mu 1987, Donald mng'ono wake mu 2001, ndipo achinyamata ambiri a ku Blantyre komweko sakudziwa kuti kwa Singano ku Chileka kunachokera anthu amene anakayimba mpaka ku Ulaya. Ife tikukaombera m'manja akufa a eni, athu ali m'tchire.

Nachisale (Tulsa): Achimwene a Jere, mawu anuwo andilasa, ndipo sindikutsutsa. Koma ndikuuzeni chimene chinandichititsa kufuna kupitako. Kuno ku Tulsa kuli Woody Guthrie Center, inatsegulidwa mu 2013. Mapepala ake ankasungidwa ku New York, kenako bungwe la George Kaiser Family Foundation linawagula mu 2011 n'kuwabweretsa kwawo ku Oklahoma. Ndinalowamo tsiku lina nditaweruka ku ntchito ya usiku, ndili wotopa, ndikungofuna pokhala. Ndinatulukamo patatha maola atatu. Chimene chinandigwira mtima ndi makope ake. Munthu uja ankalemba paliponse, mawu a nyimbo, zojambula, makalata a kwa ana ake. Ena ofufutafufuta, ena olembedwa pa taipi. Mawu a nyimbo amene anasiya amapitirira 3,000, ndipo zambiri mwa nyimbozo sanazijambule n'komwe. Ndinaima pamenepo n'kukumbukira kope la masamu limene ndimalembamo nyimbo zanga kuyambira ndili ku kwaya ya kwathu, limene ndakhala ndikulibisa pansi pa sutikesi. Ndiye a Jere, kupita kwangako sikuiwala a Namoko ayi. Ndinaona ndi maso mmene anzathu amasungira munthu wawo, ndipo zinandipweteka chimodzimodzi ngati mmene zikukupwetekerani inuyo.

Jere (Johannesburg): Ndamva, achemwali. Komabe musaiwale kuti amene akumusunga lerowo ndi omwewo ankamukana dzulo.

A Phiri Aphunzitsi (Zomba): Apo a Jere mwanena zoona. Kwawo ku Okemah anthu ambiri kwa zaka zambiri sankafuna kumva dzina lake, ankati ndi wachikomyunizimu chifukwa ankalemba m'nyuzipepala ya People's World ndiponso ankayimba pa misonkhano ya mabungwe a anthu apantchito. Taonani nokha, wamwalira 1967, chikondwerero chayamba 1998. Zaka 31 zimenezo.

Mbewe wa Banjo (Ndirande): Ndiye kuti ifenso sitinachedwe kwenikweni. Ndipo tisanene ngati kulibiretu kalikonse. Chaka chilichonse mu November a Black Missionaries amachititsa chikumbutso cha Evison Matafale ku Chileka, ndipo khamu limene limafikako muyenera kuliona. Ine ndinapitako kangapo. Pa nsanja ija sipayimbidwa nyimbo za Matafale zokhazokha ayi. Amabwera oyimba osiyanasiyana, aliyense ndi zake, koma aliyense amadziwa kuti waima pabwalo la ndani. Ndi mmene ndikuonera nkhani ya achemwaliyi.

Nangondo (Leeds): Nachisale, tiuzeni kaye, nyimbo yanuyo ikunena chiyani?

Nachisale (Tulsa): Ndi ya agogo anga aakazi, mayi a mayi anga. Agogo aamuna anapita ku migodi ku Joni mayi anga ali pamsana. Chaka choyamba ankalemba makalata, anatumizako bulangete ndi ndalama pang'ono. Kenako zii. Sitikudziwa ngati anafera mumgodi kapena anangotchona n'kukwatira konko. Agogo anakhala zaka zoposa 40 osakwatiwanso, ndipo madzulo aliwonse ankasiya nsima pang'ono m'mbale yovundikira. Ankati mwina munthu angafike usiku ali ndi njala. Ine ndinakula ndikuiona mbale imeneyo. Nyimboyo ili ndi ndime zitatu, ndipo kolasi yake ndi mawu atatu okha: bwerani, bwerani, kwada.

A Gondwe (Mzuzu): Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyenera kulankhulapo. Mwana wanga, nyimbo imeneyo ndi imene mukayimbe, ndipo ndikuuzani chifukwa chake kuchokera kwa Guthrie mwiniwakeyo. Pa 28 January 1948 ndege inagwa ku Los Gatos Canyon, ku California. Anafa anthu 32. Mwa iwo, 28 anali anthu a ku Mexico ogwira ntchito m'minda, amene ankabwezedwa kwawo. Nyuzipepala zikuluzikulu zinatchula mayina a Amereka anayi amene anali m'ndegemo, koma enawo zinangowatchula ndi liwu limodzi lotanthauza anthu othamangitsidwa m'dziko. Anawaika m'manda amodzi ku Fresno popanda mayina. Guthrie atawerenga zimenezo ku New York zinamuwawa, ndipo analemba ndakatulo yowapatsa mayina anthu amenewo. Chuni chake anadzaikapo ndi mphunzitsi wina, Martin Hoffman, patapita zaka pafupifupi khumi. Mwala wolembedwa mayina awo enieni unadzaikidwa pa mandapo mu 2013, patatha zaka 65.

Ife a msinkhu wanga nkhani imeneyi sitiimva ngati ya kutali. Pa 4 April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, ikubwera ku Blantyre. Anafa anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kwawo atamaliza kontrakiti. Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi chifukwa cha ngoziyo, mpaka cha mu 1977. Ine ndinali ku sekondale, ndipo ndikukumbukira mmene midzi inakhalira chete masiku amenewo. Tandiuzani, ndani pagulu pano angatchule mayina asanu okha a anthu amenewo? Ndiye ngati mwana wa Chimalawi akaima ku Okemah n'kuyimba za mwamuna amene anapita ku Joni osabwerera, akhala akugwira ntchito yomwe ija imene mwini bwaloyo ankagwira.

Jere (Johannesburg): Bambo Gondwe, mwandikhazika pansi. Ine ndili kuno ku Joni komweko, ndipo matchona ndimakumana nawo, okalamba amene Chichewa chinayamba kuwathawa pakamwa. Ena amafuna kubwerera koma amachita manyazi kufika kumudzi chimanjamanja.

A Phiri Aphunzitsi (Zomba): A Gondwe, nkhani ya Los Gatos ndimaidziwa, koma sindinaiyikepo pambali pa ya Francistown mpaka lero. Ndasintha pang'ono, osati kwathunthu. Nachisale, ngati mpata ndi wa nyimbo ziwiri, yoyamba ikhale yake, ngati moni. Yachiwiri ikhale ya agogo anu. Koma posankha yakeyo musamale. Aliyense amathamangira This Land Is Your Land chifukwa ndi yodziwika. Anailemba mu February 1940 ku New York, ndipo ili ndi ndime zina zimene m'masukulu mwawo ankazidumpha, ina yonena za chikwangwani choletsa anthu kulowa pamalo a mwini, ina yonena za anthu anjala pamzere wolandira thandizo. Oyimba otchuka Pete Seeger ndi Bruce Springsteen anaziyimba ndime zimenezo ku Lincoln Memorial, ku Washington, mu January 2009, Obama akulowa pampando. Mukaisankha, muiyimbe yonse.

Jere (Johannesburg): Koma nyimbo imeneyo ine imandivuta. Okemah ali m'dera la mtundu wa Muscogee, anthu amene anachotsedwa kwawo mokakamiza m'ma 1830 n'kukatayidwa ku Oklahoma. Eni nthaka ena amanena poyera kuti mawu oti dziko ili ndi langa ndi lako, akamatuluka pakamwa pa mzungu, amawakumbutsa zimene analandidwa. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, amene amaona tiyi mbali zonse iye alibe polima chimanga, angamve msanga chimene akutanthauza. Achemwali, inu ndinu mlendo kumeneko. Musakalowe mkangano wa malo umene simunauyambe.

Nachisale (Tulsa): Imeneyo ndinali nditaisiya kale, achimwene, pa chifukwa chomwecho. Kuno ndimagwira ntchito ndi anthu a mitundu imeneyi, ndipo ndamvapo mmene amalankhulira za nthaka. Ndikuganiza zotenga ya Los Gatos ija. Ikugwirizana ndi ya agogo ngati mkulu ndi mng'ono wake.

Nangondo (Leeds): Pali chinanso chimene ndikufuna a pagulu adziwe, monga nesi. Matenda amene anamupha Guthrie ndi Huntington's disease. Ndi a m'magazi a kubanja: kholo likakhala nawo, mwana aliyense amakhala ndi mwayi theka woti awatengera. Amawononga ubongo pang'onopang'ono, thupi limayamba kugwedezeka lokha, malankhulidwe amasokonekera, khalidwe limasintha. Mayi ake anafa nawo m'chipatala cha amisala mu 1930, anthu akungoti apenga. Iyeyo atayamba kudwala, ambiri ankati ndi mowa. Zaka zake zomaliza zoposa khumi anathera m'zipatala, manja osatha kugwira gitala. Woyimba wotchuka Bob Dylan ali mnyamata ankapita kukamuyimbira ku chipatala cha Greystone Park ku New Jersey mu 1961. Marjorie, amene anali mkazi wa Guthrie, anayambitsa bungwe lolimbana ndi matendawa mu 1967, ndipo lilipo mpaka lero. Ndasamalirapo odwala otere kuno, ndipo ndimaganizira kwathu, kumene munthu wogwedezeka chonchi timathamangira kunena kuti amulodza. Nachisale, inunso mumasamalira okalamba, mukaima pamenepo mukakumbukire kuti munthu ameneyu anakhala zaka zambiri nyimbo zili m'mutu koma pakamwa patatsekeka.

Mbewe wa Banjo (Ndirande): Tsopano za ntchito yeniyeniyo, poti mwasankha. July kumeneko ndamva kuti kumatentha koopsa. Nsambo zatsopano muziike kudakali mlungu wathunthu, osati dzulo lake, chifukwa zatsopano zimatamuka ndipo kutentha kumazisokoneza. Gitala musaisiye m'galimoto. Muchune musanakwere pa nsanja, mukafikapo mungoyesa kamodzi. Ndipo musayese kuliza ngati iwowo. Dzanja lanu lamanja lili ndi kagundidwe ka kwathu, chala chachikulu chikuyenda pa nsambo zokhuthala ngati mtondo, zinazo zikuyankha pamwamba. Musakabise zimenezo.

A Gondwe (Mzuzu): Mtondo mwautchulawo ndi nkhani yaikulu, a Mbewe. Amayi athu ankadandaula za amuna a ku Joni posinja chimanga kalekale, wina aliyense asanabwere ndi gitala. Hugh Tracey, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za makolo, anajambula nyimbo za kuno m'ma 1950, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, ku South Africa. Alan Lomax, wosonkhanitsa nyimbo wa ku America, naye anamujambula Guthrie ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, mu March 1940, akuyimba ndi kufotokoza moyo wake. Ndipo ku Library of Congress komweko agogo athu a Giddes Chalamanda anakayimbako mu 2016. Chichewa chinamvekapo kale m'nyumba zikuluzikulu za kumeneko, mwana wanga, simukhala woyamba.

Nachisale (Tulsa): Chimene ndikuopabe ndi chakuti sakamva mawu.

Mbewe wa Banjo (Ndirande): Auzeni za mbale ija musanayambe. Ziganizo zitatu, osapitirira, musakasandutse ulaliki. Kenako muwaphunzitse kolasi. Bwerani, bwerani, kwada, ngakhale mwana angathe. Inu muzitsogolera, iwo azivomera.

A Phiri Aphunzitsi (Zomba): Ndiwonjezere chimodzi chokhudza omvera, kuti mudziwe mtundu wa munthu amene mukukamulemekeza. Mu 1937, ali pa wailesi ya KFVD ku Los Angeles, anayimba nyimbo yokhala ndi liwu lonyoza anthu akuda. Mnyamata wina wakuda anamulembera kalata yomudzudzula. Guthrie anaiwerenga kalatayo pa wailesi pomwepo, anapepesa, n'kulonjeza kuti liwulo sadzalitchulanso. Sanali mngelo, ndipo banja lake linavutika ndi kuyendayenda kwake. Koma ankamva akauzidwa. Ndikhulupirira kuti anthu amene amasonkhana m'dzina lake ambiri ali ndi khutu lomwelo. Pitani bwino, mwana wanga.

Nachisale (Tulsa): A pagulu, ndabwerako. Pepani ndachedwa kulemba, ndinafikira ku ntchito.

Okemah ndi kochepa kwambiri, anthu ake ngati 3,000, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono kuchokera kuno. Ukamayandikira umaona matanki atatu a madzi, ina yolembedwa Hot, ina Cold, yachitatu yolembedwa kuti kuno ndi kwawo kwa Woody Guthrie. Ndinayamba ndapita pamene panali nyumba imene anakuliramo. Inagwetsedwa kale, patsala maziko a miyala. Kumanda a m'tauniyo kuli mwala wa dzina lake pafupi ndi abale ake, koma mtembo wake mulibe, chifukwa anauwotcha ndipo phulusa analimwaza m'nyanja ku Coney Island, ku New York. Ndinaima pa mwala umenewo nthawi yaitali. Kwathunso tili ndi dzina lopanda manda.

A Mbewe, kutentha kunali monga munanenera, ndipo nsambo yachitatu inatsika ndithu ndili pamzere, koma ndinaikonza ndisanaitanidwe. Ndinayamba ndi ya Los Gatos monga a Phiri analangizira. Mawondo ankanjenjemera. Nditafika pa kolasi, chipinda chonse chinalowa chokha osapemphedwa, ndipo mantha anathera pomwepo. Kenako ndinawauza za agogo ndi mbale yovundikira. Kunakhala bata loti ndinkamva fani ikuzungulira. Kolasi anaigwira ulendo wachiwiri. Liwu loti kwada ankalitchula molemera, koma ankaliyimba ndi mtima wonse, ndipo pa ndime yachitatu ndinatchula dzina la agogo aamuna katatu, pamaso pa anthu amene sanamvepo za mudzi wathu. Mawu anandithera pang'ono pamenepo, iwo anapitiriza kolasi mpaka ndinabwereramo.

Nditatsika, mayi wina wokalamba woyenda ndi ndodo anandigwira dzanja. Anati bambo ake anapita ku California nthawi ya fumbi ija iye ali wakhanda, anati akaitanitsa banja akapeza ntchito, ndipo sanamvekenso. Anandipempha kuti ndimulembere mawu atatu aja papepala. Usiku, kumalo ogona m'matenti kumene anthu amakhala m'magulu akuyimba mpaka mbandakucha, bambo wina wa mandolin anandipeza n'kunena kuti tiibwerezenso. Tinaiyimba kanayi.

Nangondo (Leeds): Ndikuwerenga ndili pa basi, misozi ili mbwembwembwe. Mulungu akudalitseni, achemwali.

Jere (Johannesburg): Mukatitumizire kanema. Pali madala awiri kuno amene ndikufuna ndikawamvetsere Lamlungu. Ndipo nkhani ya a Namoko sindinaisiye, ndidzaiyambitsa payokha pagulu pano, tione ngati tingapeze amene akusunga zinthu zawo ku Thyolo.

A Phiri Aphunzitsi (Zomba): Mwatiyimirira bwino, mwana wanga. Kodi mayi anu aimva?

Nachisale (Tulsa): Ndinawatumizira pa WhatsApp usiku womwewo, bambo. Anaimvera kawiri, kenako anandiyimbira foni. Akuti ndime yoyamba ndalakwitsa. Ine ndinayimba kuti agogo ananyamuka m'mawa pa sitima, koma iwo akuti agogo aakazi ankanena nthawi zonse kuti ananyamuka madzulo, wapansi, kukagona kwa mlongo wawo kufupi ndi msewu kuti akakwere lole kukacha. Akutinso dzina limene ndinatchulalo ndi la ubatizo, la kumudzi ndi lina, ndipo ndi limene agogo ankaitana akamavundikira mbale ija. Andiuza dzinalo. A Mbewe, ndikukonza ndimeyo mlungu uno. Ili mu G, kapo pa fureti yachiwiri. Ndikakutumizirani Loweruka, muikemo banjo.